Mzere Wofiira wa Mayi Masitepe

Achemwali anga anaphunzitsa kemisitiri kwa zaka zambiri pasukulu ina yolipira, koma mukafunsa anthu amene anadutsa m'manja mwawo sangakuuzeni za bolodi ndi choko. Angakuuzeni za masitepe. Ana anawapatsa dzina loti Mayi Masitepe, ndipo linamera mizu moti makolo ena ankafika pageti n'kufunsa a Masitepe ngati kuti ndi dzina la bambo athu.

Pasukulupo panali kalasi imodzi imene mphunzitsi aliyense ankaimezera mate, yomaliza, ya ana olemba mayeso. Wogwira kalasi imeneyo ankagona tulo, chifukwa eni sukulu sangaseweretse munthu amene akuwakhozetsera ana. Aphunzitsi ena onse ankakhala ngati anthu a lendi, chaka chikatha osadziwa ngati adzaitanidwanso. Kalasiyo inali ya achemwali kuyambira tsitsi langa lisanayambe imvi. Lero si yawonso, ndipo anailuza pamasitepe awo omwewo, ine ndikuona, chitini cha penti chili m'manja.

Ine ndine mlongo wawo wotsatana nawo, wopenta. Sukulu tinasiyana nayo mwamtendere ndisanamere ndevu. Iyo sinandifune, inenso sindinaikakamize. Kwathu tsiku logawa nzeru ndinali nditapita kumpira, ndiye achemwali analandira mbale ziwiri. Sindidandaula, chifukwa yanga ija aisamala bwino.

Kemisitiri yonse imene ndikuidziwa ndinaiphunzira nditagwada. Nyumba ya sayansi pasukulupo ndi yosanja, ya masitepe otambalala oti ana asanu angakwere moyandikana. Tsiku lina achemwali anandiitana kuti ndikajambulepo mizere. Pa sitepe ina yapakatikati ndinajambula mzere wachikasu kumanzere ndi wina kumanja. Pakati, motsikirapo pang'ono, wobiriwira. Pakati pomwepo koma kumwamba, wofiira, wokhala ndi nyenyezi pambali.

"Achemwali, wofiirawu mwaukweza kwambiri," ndinatero. "Wobiriwira watsika pang'ono chabe. Anthu aziti wopenta anali atalawa."

"Anthu amatero kale. Usiye pomwepo."

"Koma ntchito yanga imafuna zofanana."

"Tamvera. Chilichonse ukuchionachi, ngakhale burashi yakoyo, n'chopangidwa ndi maatomu. Atomu iliyonse ili ndi tizinthu totchedwa maelekitironi, ndipo sitikhala paliponse pamene tafuna. Tili ndi malo ake otchedwa maobitolo. Ena ndi otsika, a mphamvu zochepa, ena ndi okwera. Elekitironi ndi yaulesi ngati iwe, imafuna malo otsika kuti ipume."

"Ndiye kuti ndili ndi abale ambiri."

"Mizere yachikasuyi ndi maatomu awiri, iliyonse payokha. Akayandikana, obitolo ya uyu ndi ya uyu zimasakanikirana n'kubala ziwiri zatsopano. Imodzi imatsika, ndiyo imamanga maatomuwo pamodzi. Inayo imakwera, ndipo imawalekanitsa. Yokwerayo imakwera kuposa mmene yotsikayo yatsikira. Sindinapange ndine zimenezo, ndiye usandikonzere ndi lula yako."

Ndinausiya pomwepo. Chaka chilichonse nsapato za ana zinkafufuta mizereyo, ine n'kubwera kudzaiwalitsa, ndipo kawirikawiri ndinkatsalira kuti ndionere phunzirolo chifukwa linali lokoma kuposa sewero.

Linkayenda chonchi. Ana onse ankaima pansi pa masitepe. Achemwali ankatenga awiri, wina n'kumuimika pachikasu chakumanzere, wina chakumanja. Amenewo anali maelekitironi a haidirojeni, atomu ya elekitironi imodzi. "Aonana, akondana," ankatero achemwali, ana aja n'kutsikira pamzere wobiriwira, wina kuyang'ana kumwamba wina kunsi, chifukwa mzere umodzi umalandira awiri okha ndipo ayenera kufulatirana. "Banja lamangika." Kalasi yonse m'manja.

Kenako hiliyamu, imene atomu yake imabwera ndi maelekitironi awiri. Maatomu awiri, ndiye kuti anthu anayi. Wobiriwira wadzadza kale, choncho awiri otsalawo ankakwera mpaka pofiira. Apa achemwali ankakwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo ngati woweruza, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Awa ndani?"

Ana onse ankaloza chala. "Ophwasula!"

"Banja lilipo?"

"Latha!"

Anayi aja ankabalalika kubwerera kuchikasu, aliyense kwawo. Palibe mwana amene anachoka pamenepo osadziwa chifukwa chimene haidirojeni imayendera iwiriiwiri pamene hiliyamu imafa umbeta. Ana ankalimbirana kuima pofiira, chifukwa kutukwanidwa ndi kalasi yonse mwachilolezo cha aphunzitsi n'kokoma.

Mmodzi mwa amene ankalimbirana kwambiri anali mnyamata amene ine ndinamutcha Kamlendo. Amalume ake amene ankamusunga anasamutsidwa kuntchito pakati pa chaka, mwana n'kusowa kokhala. Achemwali anali okha, alamu atamwalira kale ndipo mwana wawo wamkazi atakwatiwa kutali. Anamutenga kuti angomaliza teremu. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linawalephera. Teremu inabala chaka, chaka chinabala zaka. Anamupatsa chipinda, anamupatsa tebulo la alamu, ndipo atasankhidwa kupita kukoleji anamupatsa jekete la alamu lomwe ine ndinkaliyang'ana ndi diso limodzi kuyambira pamaliro. Iye ankawaitana kuti amayi, ine malume.

Anali mwana wabwino, ndisaname. Sankayankha mwano, ankachapa yekha, ndipo ndikamuseka ankangomwetulira n'kuyang'ana pansi. Atabwera ndi digiri, achemwali anagogoda pakhomo pa eni sukulu mpaka chitseko chinatopa, n'kumupezera malo ophunzitsa makalasi apansi.

Achemwali ali ndi vuto limodzi. Akakonda munthu amamulengeza. Aliyense wobwera pasukulupo, kaya kholo, kaya wogulitsa mabuku, ankamva kuti, "Uyu ndinamulera ndine. Anabwera nsapato zikuseka, zala zili panja." Ankanena zimenezi munthu atavala tayi, ana ake a m'kalasi akumva. Ine ndinawauzapo kuti, "Achemwali, nsapato zija zinatayidwa kalekale, zisiyeni zipume." Anati ndili ndi nsanje chifukwa cha jekete.

Chaka chimene ndikunenachi eni sukulu analengeza kuti adzayendera aphunzitsi mmodzimmodzi, kenako adzaona woyenera kugwira kalasi yomaliza. Kunkamveka manong'onong'o oti achemwali akalamba, maso ayamba kuvuta. Iwo sanatekeseke. Kamlendo ndiye anawalangiza kuti tsiku lawo adzaonetse phunziro la pamasitepe, ndipo ndi iye amene anandiimbira foni.

"Malume, mubwere mudzawalitse mizere ija. Makamaka wofiirawo ndi nyenyezi yake, zizioneka bwino."

"Wakula mwana iwe, ukutuma amalume ako."

"Ndi za amayi, malume."

Pano ndinene zimene tauni yonse inkadziwa kupatula achemwali. Eni sukulu anali atasiya akazi awo a zaka zambiri n'kukakhala ndi mayi wina wa saluni. Ine ndinamva kwa mnzanga amene anapenta nyumba yatsopanoyo, pajatu munthu ukakhala pamakwerero anthu amakuiwala n'kumalankhula ngati ndiwe nalimata. Aphunzitsi ankadziwa, alonda ankadziwa, ana ankadziwa, makamaka poti mwana wamkazi wa eni sukuluwo anali m'kalasi yomaliza yomweyo, ndipo masiku amenewo ankakhala yekha kumbuyo osalankhula ndi munthu. Koma achemwali miseche amaimva ngati wailesi ya kwa aneba. Ukayamba kuwauza amakufunsa ngati wadya.

Tsikulo litafika ndinali pamwamba penipeni pa masitepe, ndikupukuta madontho, pamene Kamlendo analowa akutsogolera alendo amene anakawalandira yekha pageti. Eni sukulu anali patsogolo, mimba itatsogola, ndipo pambali pawo panali mayi wovala diresi lowala, tsitsi lake lokha likunena ntchito yake. Ndinadziwiratu kuti ndi mayi wa saluni uja, koma ndinadzitonthoza kuti alendo amangoonera.

"Amayi, bwana abwera ndi mlendo," anatero Kamlendo.

"Takulandirani, mayi," anatero achemwali, akuganiza kuti ndi wa kuofesi ya maphunziro.

Phunziro linayamba bwino. Ana awiri anaonana, anakondana, anatsikira pobiriwira, banja linamangika. Eni sukulu anaomba nawo m'manja, mayi uja akuseka chogwira pakamwa. Achemwali anali atatentha, mawu akumveka mpaka kubwalo. Anati tsopano hiliyamu, n'kuyamba kuyang'ana ana ena awiri.

"Amayi," anatero Kamlendo mofatsa, "bwanji alendo athu alowe nawo? Phunziro likoma."

"Wanena bwino, mwananga. Bwana, mayi, tabwerani mukhale maelekitironi."

Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso ngati injini ya chigayo. Kenako ndinagwetsa burashi dala, n'kugubuduka mpaka pamapazi pawo.

"Iwe," anatero achemwali osandiyang'ana, "ngati uli ndi chifuwa chipatala chili kuseriku."

Ana anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunali kouma. Eni sukulu anafunsa koti aime. Achemwali anawauza kuti pobiriwira padzadza, akwere pofiira.

"Ife ndi a nyenyezi," anatero eni sukulu, akumugwira dzanja mayi uja. "Mwationa bwino, madamu."

Anakwera, anaima, achemwali anawafulatiritsa monga mwa lamulo. Kenako anayamba kukwera okha, manja kumbuyo. Ine ndinayang'ana Kamlendo. Anali atabwerera kumbuyo kwa ana, atatsamira khoma, akuyang'ana foni yake.

"Awa ndani?"

Zii. Kwa nthawi yoyamba chijambulireni mizere imeneyo, palibe mwana amene anayankha. Ena ankayang'ana nsapato, ena kudenga.

"Mwachita manyazi ndi alendo? Ndinu omwewo mumandigonthetsa m'khutu chaka chonse. Ndafunsa kuti awa ndani."

Chala chimodzi chinakwera kuchokera kumbuyo. Anali mwana wa eni sukulu. Sanakuwe. Analankhula ngati akuyankha funso la pamayeso.

"Ophwasula."

"Wakhoza. Enanu mwagona? Lozani nonse."

Ana ndi ana. Aphunzitsi akalamula, ndipo chinthu chili kale pakhosi, chimatuluka. Zala zonse zinaloza, mawu anagunda denga. Achemwali anasangalala kuti kalasi yadzuka.

"Banja lilipo?"

"Latha, madamu," anatero mwana uja yekha, akuyang'ana bambo ake m'maso.

Mayi uja anatsika masitepe atanyamula nsapato imodzi m'manja, chifukwa inavuka pothamanga. Eni sukulu anatsala pofiira kanthawi, nkhope itatupa, kenako anatsika osapatsa munthu moni. Achemwali anaima pakati pa masitepe pakamwa pali pululu.

"Kodi mlendo uja wadwala?"

Ndinawafotokozera tili panjira yobwerera kunyumba. Anaima pafupi ndi mpanda wina n'kugwira chipilala. Choyamba anadandaula za mwana wamkazi uja, kuti anamuika pamoto osadziwa. Za Kamlendo sanafune kumva.

"Mwana sanadziwe."

"Achemwali, pageti anakawalandira ndani?"

"Kulandira alendo si mlandu."

"Nanga mzere wofiira uja iye anaimapo kangati? Sakudziwa chimene chimatsatira hiliyamu?"

"Anangofuna kundikometsera phunziro. Iwe umaona zoipa paliponse chifukwa umakhalira m'mabala."

"M'mabala ndimo muli nkhani, achemwali. Inu mukanalowamo kamodzi bwenzi lero titapulumuka."

Sanaseke. Sanandilankhulenso mpaka sabata inatha, ndipo nditapita kukawaona anandipatsa tiyi wopanda shuga, chimene kwathu ndi chilango chachikulu.

Atalimba mtima anaganiza zokapepesa kwa eni sukulu, n'kunditenga kuti ndiwaperekeze. Ine ndinakhala pabenchi panja pa ofesi. Chitseko chake ndinachipenta ndine, ndikudziwa kuti n'chopepuka ngati katoni, ndiye ndinamva zonse.

Achemwali anapepesa bwinobwino. Ananena kuti sankadziwa kanthu, kuti phunzirolo amaliphunzitsa chimodzimodzi chaka chilichonse, angafunse aliyense.

"Madamu, musadzivutitse," anatero eni sukulu. "Mnyamata wanu uja anabwera tsiku lomwelo, misozi ili m'maso. Wandiuza zonse. Akuti munamutuma ndinu kuti atiitane pamasitepe, ndipo iye sakanatha kukana mawu a munthu amene anamulera."

Ndinamva mpando ukulira.

"Anatero?"

"Anatero. Ngati akunama nenani, ndimuchotsa lero lomwe. Pasukulu panga sindisunga wabodza."

Ine pabenchi paja ndinkafuna kulowa ndi chitseko chomwe. Mawu amodzi okha akanakwana. Ana onse anamva amene anayambitsa, ine ndinali mboni ya foni ija anandiimbira ya mizere, ndipo aphunzitsi anzawo akanachitira umboni kuti achemwali sadziwa ngakhale amene wakwatira ndani m'banja mwawo momwe.

"Ndamva, bwana," anatero achemwali.

Chigamulo chinali chakuti kalasi yomaliza ipite kwa Kamlendo kuyambira sabata yotsatira. Achemwali atenge makalasi apansi mpaka chaka chithe, kenako akapume. Phunziro la pamasitepe lisachitikenso.

Atatuluka ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere zoona.

"Mnyamata uja ali ndi mkazi woyembekezera," anatero. "Tiye ukandithandize kunyamula katundu."

Kuseri kwa labu kuli kachipinda kokonzeramo zinthu, ka mashelufu odzadza mabotolo, konunkha ngati chipatala chosakaniza ndi garaja. M'menemo ndimo achemwali ankakhala zaka zonsezi, ndipo kamakhala ka mphunzitsi wa kalasi yomaliza. Tinayamba kulongedza kapu yawo, ambulera, khushoni yapampando ndi mabuku awo. Tili mkati molongedza, Kamlendo anaima pakhomo. Ataona ine anafuna kubwerera.

"Lowa," anatero achemwali. "Ndi chipinda chako."

Analowa, manja kumbuyo.

"Botolo ili chivindikiro chake chimavuta, usalipatse mwana. Mpopi wa gasi wapakonawo umatayikira, uzitseka kuchokera kunja. Mtsikana wa bwana uja umuyang'anire, mutu uli bwino koma akufuna munthu womufunsa ngati wagona. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Amalume ako ali pano, ndipo pakamwa pawo ukupadziwa, koma ndikufunsa pamaso pawo. Unkadziwa kuti mayi uja ndi ndani?"

"Ndinkadziwa."

"Ndipo zimene unakauza bwana?"

Anaweramitsa mutu. Ine ndinali nditakonza mawu ambiri kuyambira pabenchi paja, ena oti sangalembedwe pano, koma achemwali anandikweza dzanja ndisanatsegule pakamwa.

"Kalasi imeneyi ndinali nditaganiza kale zokusiyira chaka chikatha," anatero. "Maso anga ndikuwadziwa ndekha. Ndimafuna ndikauze bwana ndi pakamwa panga kuti nayu mwana, mupatseni. Ukanangondipempha, mwananga. Ndikanakupatsa ngakhale dzulo."

Kamlendo anadzutsa mutu. Aka kanali koyamba kumuona akuwayang'ana achemwali m'maso osamwetulira.

"Ndinkadziwa kuti mukanandipatsa, amayi."

"Ndiye bwanji?"

"N'chifukwa chake. Ndatopa n'kupatsidwa."

Achemwali anatulutsa makiyi a labu m'thumba la diresi. Iye anatambasula dzanja, koma iwo anawaika patebulo.

"Tenga wekha," anatero.

Tinatuluka, ine nditasenza katoni, iwo atagwira ambulera. Panjira ndinayesa kuwaseketsa ndi nkhani ya kasitomala wina amene anandiuza kuti ndipente nyumba yake mtundu wa galu wake, galuyo n'kufa ndisanafike. Nkhani imeneyi sinalepherepo ngakhale pamaliro. Achemwali anayenda chete mpaka pakhomo pawo, anatsegula, n'kundiuza poti ndiike katoniyo.

"Ukhale kaye," anatero. "Usalankhule. Ungokhala."

Ndinakhala.